Geji ya mafuta ikamanama pa pikapu yakale: yambirani pa pulagi musanatsitse thanki

Pikapu yanga ndi Toyota Hilux ya dizilo ya 1994, ya injini ya 2.8, ndipo yandisenzera chimanga, njerwa, feteleza ngakhale odwala kwa zaka zambiri. Madzulo ena a mvula, ndikuchokera ku Nkhotakota kulowera ku Salima nditapakira matumba a mpunga, injini inayamba kutsokomola, kenaka n'kuzima. Kamuvi ka geji kanali kataima pa theka. Nditagona pansi n'kugogoda thanki ndi sipanala, inalira ngati chidebe: munalibe ngakhale dontho. Mwana wanga anakwera kabaza ndi chigubu kukasaka dizilo, ine ndikulondera katundu mpaka mdima unagwa.

Mawa lake ndinachita zimene ambiri timachita. Ndinakagula tank unit ina, kachipangizo ka m'thanki koyeza kuchuluka kwa mafuta, tinatsitsa thanki, tinaika, koma geji inapitiriza kunama. Vuto linali waya amene anasupuka pa chasisi chapafupi ndi tayala lakumbuyo, pamalo poti ndikanaona ndi tochi wamba. Ndalama ija imandiwawabe, n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musagule kanthu kapena kumasula thanki musanayeze pa pulagi ya mawaya ochokera ku thanki. Masiku ano oti nthawi zina munthu umagona pa mzere wa mafuta, kudziwa malita amene atsala m'thanki si nkhani yaing'ono.

Geji ilibe maso oonera m'thanki, imangomvera zimene waya mmodzi akuiuza. M'thankimo muli tank unit ija: fuloti yoyandama pa mafuta, kamkono kachitsulo, ndi kambale kokulungidwa waya wopyapyala pamene kalilime kachitsulo kamakhulapo fuloti ikamakwera kapena kutsika. Magetsi amachokera ku fyuzi, kudutsa mu geji, kutsika ndi waya mpaka pa kambale kaja, n'kubwerera ku batire kudzera mu chitsulo cha galimoto, njira imene amakaniko amati earth. Kambaleko ndi kamene kamatsekereza magetsi pang'ono kapena kwambiri, ndipo kutsekerezako timakuyeza mu ma ohm. Pa Toyota zambiri zakale, thanki ikadzaza pamakhala ma ohm pafupifupi 3, pa theka 32 kapena 33, ikauma 110. Nissan, Isuzu ndi Mazda zakale nambala zake n'zosiyanako, koma zimayenda mofanana: ma ohm ochepa ndiye kuti yadzaza. Ford za ku America za 1987 isanafike zinkayenda kuchokera pa 73 ikauma kufika pa 10 ikadzaza. Chevrolet zakale zambiri n'zotembenuka, 0 ikauma, 90 ikadzaza, choncho amene muli nayo muziwerenga zonse ndikunenazi chobwerera.

Zida zake si zambiri: multimeter (mita yoyezera magetsi ndi ma ohm), babu laling'ono la ma watt 3 kapena 3.4 lomangirira mawaya awiri, waya wautali mamita asanu, sandipepa, sipanala ya 10 ndi ya 12, sikuludilaiva ndi tochi. Mukadutsa kwa okonza mawailesi ndi ma TV, apempheni resistor (kachipangizo kotsekereza magetsi) ya ma ohm 33 yopirira ma watt 2. N'kotchipa kwambiri, koma muona ntchito yake.

Chenjezo lokhudza moto ndilinene pano, chifukwa ntchitoyi imachitikira pambali pa thanki. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenderera pansi ngati madzi ndipo ikhoza kukafika pa mbaula imene ili kuseri kwa nyumba. Gwirani ntchito panja, kutali ndi khitchini, kutali ndi owotcherera zitsulo, ndipo aliyense wosuta fodya apite kaye uko. Thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzaza, poti mwadzaza nthunzi yokhayokha. Zoyeza zonse zofuna magetsi muzichite thanki ili yotseka.

Yambani n'kuyang'ana

Khalani pampando, tembenuzani kiyi afike pa ON osaliza injini, muyang'ane dashibodi yonse, osati geji ya mafuta yokha. Kodi nyali ya oyilo ndi ya batire zayaka? Kodi geji ya kutentha kwa injini imagwira ntchito? Ngati zonse zafa pamodzi, thanki ilibe mlandu, pitani ku fyuzi. Pa Toyota imalembedwa GAUGE, pa Nissan METER, ndipo kawirikawiri imakhala ya 10A, koma tsatirani zolembedwa pa chivundikiro cha bokosi. Isololeni, muiyeze ndi mita chifukwa ina imaduka pobisika, ndipo mupale timano take ngati tachita dzimbiri. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali shoti penapake. Musamangirepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu monga amachitira ena. Mawaya a kuseri kwa dashibodi akagwira moto, simungawazimitse msanga.

Onaninso khalidwe la kamuvi. Kakamangogona pa E thanki ili yodzaza, penapake paduka, kapena fuloti yamira. Kakamangoima pa F, waya wakhudza chitsulo kapena kamkono kakodwa m'mwamba. Kakamadumphadumpha pa mabampu, pali polumikiza pokhwepa kapena kambale kadyeka. Kakamakana kufika pa F mutangomwetsa kumene, ganizirani earth. Kakamatsika bwinobwino n'kukaima penapake osapitirira, monga kanachitira kanga, ndiye koopsa kwambiri, chifukwa kamakulimbitsani mtima mpaka mutaima m'tchire.

Dziwaninso mtundu wa geji yanu. Zakale kwambiri zimayenda ndi kachitsulo kamene kamapindika kakatenthedwa, ndipo kamuvi kake kamakwera mwaulesi n'kugwera pa E mukazimitsa. Zina za m'ma 1990 zili ndi mafuta olimba mkati oti kamuvi kasagwedezeke, moti kamatsala pomwepo ngakhale mutachotsa kiyi. Zonse ziwiri sizithamanga. Poyeza, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanagamule kuti kamuvi sikakuyenda.

Pa pulagi

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ikani miyala ku matayala, mulowe pansi ndi tochi. Tsatirani mawaya ochokera pamwamba pa thanki mpaka mupeze pulagi yake, imene nthawi zambiri imakhala pa chasisi pafupi ndi thankiyo, itakutidwa ndi matope ouma. Itsukeni kaye musanaizule kuti dothi lisalowe m'timabowo.

Ikakhala ya mawaya awiri, mmodzi ndi wa ku geji, wina ndi earth. Pa Toyota earth amakhala woyera wa mzere wakuda, ndipo wa ku geji kawirikawiri ndi wachikasu wa mzere wofiira. Wachitatu akakhalapo, ndi wa kanyali kochenjeza kuti mafuta atsala pang'ono. Amene muli ndi pikapu ya petulo yokhala ndi pampu m'thanki samalani: pali waya wina wonenepa wopita ku pampuyo, ameneyo musamukhudzitse ku chitsulo.

Zulani pulagi, kiyi ali pa ON, mnzanu akhale m'galimoto akuyang'ana geji. Kamuvi kayenera kutsika mpaka pa E kapena kupitirira pang'ono. Kakatsala m'mwamba pulagi ili yozula, tank unit ilibe vuto. Magetsi akuthawira ku chitsulo penapake pakati pa pulagiyo ndi dashibodi. Ndikanachita zimenezi tsiku lija, kamuvi kanga kakanatsala pakati pa kota ndi theka, ndipo ndikanadziwa nthawi yomweyo kuti thanki ndiisiye.

Kenaka tengani babu lija, mbali imodzi ku waya wa geji wa ku galimoto, mbali ina pa chitsulo chopala bwino cha chasisi. Babu liyenera kuyaka, mwina mophethiraphethira, ndipo kamuvi kayambe kukwera kulowera ku F. Kuphethirako si vuto, ndi mmene geji zotenthera zija zimaperekera magetsi. Amakaniko ambiri amangokhudzitsa wayayo ku chasisi popanda babu. Zimathekadi, koma kamuvi kakangoyamba kukwera chotsani msanga, chifukwa mukachedwa masekondi angapo geji imapsa, ndipo kupeza ina ya galimoto ya zaka 30 si masewera. Babu limachepetsa magetsi, n'chifukwa chake ine ndimalikonda.

Tsopano resistor ija. Iikeni pamalo pa babu, mudikire mphindi ziwiri. Pa Toyota kamuvi kayenera kukaima pa theka kapena pafupi kwambiri. Kakatero, fyuzi, geji ndi waya zonse zili bwino, ndipo vuto latsala ku thanki: earth kapena tank unit. Kakapanda kusuntha n'komwe, vuto lili kutsogolo, ndipo thanki musaikhudze.

Musanachoke pansipo, zimitsani kiyi, ikani mita pa ma ohm 200, muyeze mbali ya pulagi yopita ku thanki, pakati pa waya wa geji ndi earth. Mukudziwa pafupifupi mafuta amene alimo, ndiye nambala iyenera kugwirizana nawo. Mnzanu agwedeze galimoto: nambala ikamasinthasintha pang'ono, fuloti ikuyandama. Mita ikalemba OL kapena 1 yekha kumanzere, mkatimo mwaduka.

Earth ndi waya

Pa pikapu zathuzi, zimene zimawoloka mitsinje ndi kugona m'matope, earth ndi amene amavuta kwambiri, ndipo kumukonza sikulira ndalama. Taganizirani: thanki yodzaza imapereka ma ohm 3 okha. Dzimbiri la pansi pa bauti imodzi likawonjezera ma ohm 20, geji ikuwerenga 23, ndipo kamuvi kakaima pakati pa theka ndi F pamene mwadzaza mpaka pakamwa. Ndaonapo anthu akukangana ndi anyamata omwetsa mafuta, kuwanena kuti awabera, pamene wolakwa ndi bauti yadzimbiri.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Bwezerani pulagi, mangani waya wautali uja ku negetivu ya batire, mbali inayo muikhudzitse pa chivundikiro chachitsulo cha tank unit kapena pa waya wake wa earth, kiyi ali pa ON. Kamuvi kakakwera, mwamupeza. Mukafuna kutsimikiza ndi mita, zimitsani kiyi muyeze kuchokera pa chivundikirocho kufika pa chasisi. Pasapitirire ohm imodzi. Gunditsani kaye timitu tiwiri ta mita kuti muone nambala imene mawaya ake okha akupereka, muichotsere. Tsatirani earth mpaka pamene wamangidwa, masulani bauti, palani chitsulo ndi sandipepa mpaka chiwale, mangani molimba, mupakepo girisi pamwamba kuti madzi asafikepo. Pa pikapu zina tank unit ilibe waya wa earth, imadalira malamba ndi mabauti a thanki. Pamenepo wonjezerani wanu, kuchokera pa sikuluwu imodzi ya chivundikiro kupita pa chasisi.

Waya wa geji amayenda ulendo wautali kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, akukhulana ndi zitsulo, akuwauka ndi ekizozi, akumenyedwa ndi miyala. Pikapu yonyamula chimanga imaitananso makoswe, ndipo makoswe amakonda kukukuta mawaya a pamwamba pa thanki pomwe pali pofunda. Waya wa gejiyo muzuleni mbali zonse ziwiri, ku thanki ndi kuseri kwa dashibodi. Yezani kuchokera kumapeto kufika kumapeto mothandizidwa ndi waya wautali uja: payenera kukhala ohm imodzi kapena ziwiri basi. Kenaka yezani pakati pa wayayo ndi chasisi, ndipo apa mita isaonetse kulumikizana kulikonse. Wanga anaonetsa ma ohm 45. Nditamutsatira ndi zala, ndinapeza pamene anapanidwa ndi kachitsulo komangira mawaya, chikopa chake chitang'ambika kamalo kochepa ngati njere ya mpunga, mkuwa utabiriwira, utamatirira ku dzimbiri lonyowa. Poyeza, muzigwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, chifukwa waya wina amaduka mkati chikopa chili bwinobwino. Mukapeza powonongeka dulanipo, mulumikize ndi mtovu ngati pali patali ndi thanki, mukulunge bwino, ndipo mumusunthe pamalo pamene amakhulapo. Kungopota ndi zala n'kukulunga tepi kumatha ndi dzinja limodzi.

Waya akakhala bwino koma kamuvi osayenda, masulani dashibodi. Chotsani kaye negetivu ya batire, ndipo kumbukirani kuti kuseri kuli kebulo ya sipidomita yofunika kumasula musanakoke. Geji imagwira pa pepala lapulasitiki la mizere yamkuwa ndi timanati kapena tisikuluwu, ndipo timeneti timakhwepa ndi misewu yathu. Timasuleni, pukutani mkuwa ndi labala ya pensulo, mumangenso osafinya kwambiri. Geji ya mafuta ndi ya kutentha zikamanama pamodzi, zonse kukwera kapena zonse kugwa, wolakwa ndi regulator imene imatsitsa magetsi kufika pafupifupi ma volt 7. Pa Toyota zakale imakhala mkati mwa geji ya mafuta momwemo. Mukaona mivi yonse iwiri ikuthamangira m'mwamba injini isanatenthe n'komwe, zimitsani msanga, muyang'anenso earth wa dashibodi, chifukwa akakhwepa zimachita chimodzimodzi.

Mukatsimikiza kuti ndi m'thanki

Chotsani negetivu ya batire musanachite china chilichonse. Njira zilipo ziwiri: kutsitsa thanki, kapena kunyamula bodi yakumbuyo. Ine ndimasankha bodi ngati mabauti ake sanagwire dzimbiri. Mumasula mabautiwo, kuzula mawaya a nyali zakumbuyo, kumasula khosi lomwetsera mafuta, amuna anayi n'kuinyamula, ndipo thanki yonse imakhala poyera. Mukasankha kutsitsa, chotsanimo kaye mafuta, chifukwa malita 50 a dizilo amalemera makilogalamu opitirira 40, ndipo musayamwe paipi ndi pakamwa.

Sesani ndi kupukuta dothi lonse lozungulira chivundikiro. Chikakhala cha tisikuluwu, tithirireni mafuta ofewetsa dzimbiri n'kudikira, poti mitu yake imadyeka msanga. Chikakhala cha mkombero wopota, gogodani ndi mtengo kapena mkuwa, osati chitsulo, kuopa kuthetheka. Sololani tank unit mwapang'onopang'ono mukuipendeketsa kuti kamkono kasapindike, ndipo bowolo mulitseke ndi nsalu yoyera.

Pitani nayo patali, muilumikize ku mita, muyendetse kamkono kuchokera pansi kukwera m'mwamba mosathamanga. Nambala itsike mosadumpha kuchokera pa 110 kufika pa 3. Yang'anitsitsani chigawo chapansi, pakati pa E ndi kota. Ambiri a ife timayenda ndi mafuta ochepa chaka chonse, ndiye kalilime kamangokhula pamalo amodzimodziwo mpaka waya wopyapyala uja amadyeka. Mukayang'ana pafupi mudzaona kanjira kowala pamene pakhulidwa, mwina ndi kaulusi kamodzi koduka. Pakangoda ndi litsiro, tsukani ndi mankhwala otsukira kabyuleta, pukutani ndi labala, mupinde kalilime pang'ono kwambiri kuti kazigwira. Sandipepa pamenepa ayi. Kaulusi kakaduka, palibe kukonza kokhalitsa, gulani ina.

Fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu. Yamkuwa ikaboola mumamva mafuta akukhuchuka mkati, ndipo mukaimiza m'madzi otentha amene mwawachotsa pamoto n'kubwera nawo, imatulutsa tithovu pobowokapo. Yakuda yangati thovu louma ikakalamba imamwa mafuta n'kulemera. Iikeni m'chitini cha mafuta muone ngati ikuyandama. Unikaninso m'thanki ndi tochi. Mwala ukamenya pansi pa thanki, chitsulo chimatukuka mkati ndipo fuloti imagona pamenepo isanafike pansi. Mukapeza madzi ndi dzimbiri, musadabwe: mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu amabwera ndi zambiri, ndiponso petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda. Tsukani thanki mukadali pomwepo. Ikakhala yofunika kuwotcherera, imeneyo si ntchito ya pakhomo.

Pokagula ina, kaya ku Malangalanga ku Lilongwe, kaya mu msika wa Ndirande, nyamulani yakaleyo ndi mita yanu. Fananitsani kutalika kwa kamkono, mabowo a chivundikiro ndi pulagi, ndipo muyeze ma ohm muli pa kauntala pomwepo. Wogulitsa wabwino sakana. Zija amati zimakwana galimoto iliyonse zimakhala za ma ohm 240 kufika 33, kapena za 10 kufika 180. Yoyambayo pa Toyota idzaonetsa theka thanki ili yodzaza, yachiwiriyo idzaonetsa pafupi ndi F thanki ili youma. Yochotsa pa galimoto yophwasula ya mtundu womwewo, ikayezedwa n'kupezeka yabwino, imaposa zimenezi.

Poika, gwiritsani ntchito gasiketi yatsopano yopirira mafuta. Chubu cha tayala chimene ena amadula chimafufuma ndi mafuta, n'kuyamba kudontha pakangopita masabata. Onetsetsani kuti kamkono kakuyenda momasuka, sikakugunda paipi kapena zitsulo zotchinga za m'thanki. Mangani tisikuluwu modumphitsa, kuno ndi uko, kuti chivundikiro chikhale mofanana.

Ngati thanki ili youma kale, uwu ndi mwayi wodziwa geji yanu. Thirani malita 10, imikani pathyathyathya, dikirani mphindi ziwiri, mulembe pamene kamuvi kaima. Wonjezerani ena 10, lembaninso, mpaka pamene thumba lingalole, ndipo kapepalako kazikhala m'galimoto. Thanki si bokosi loongoka, choncho theka la pa geji si nthawi zonse limakhala theka la malita. Kwa milungu ingapo yoyambirira muziwerengeranso makilomita: mukadzaza bwezerani mita yaing'ono yowerenga makilomita pa 0, ndipo ngati mwayenda makilomita 300 n'kumwetsa malita 30 kuti idzazenso, mukudziwa kuti lita imodzi ikukupatsani makilomita 10, ndipo geji ikanena zosiyana kwambiri mudzazindikira.

Ya dizilo siidzalira msanga mukamasula mapaipi, chifukwa mwalowa mpweya. Popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe m'dzanja, ndipo ngati pali kasikuluwu kotulutsira mpweya kamasuleni pang'ono mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, kenaka mumange. Tsiku loyamba kudzaza thanki mpaka pakamwa, yendani pang'ono, imani, mulowenso pansi ndi tochi, mupititse chala mozungulira chivundikiro ndi pa mapaipi onse amene munamasula. Chala chikanyowa, bwererani pa gasiketi musanamangenso mabauti onse a bodi.